Bwanji akufuna kulowetsanso paipi ija?

Mai a Tadala, Chawama: Odi pagulu pano. Bambo akunyumba anawapeza ndi chotupa m'chifu ku Lilongwe, atawalowetsa paipi ya kamera pakamwa. Kuno ku Lusaka adokotala akuti opaleshoni idzakhala ya timabowo, osang'amba mimba yonse, koma ayambe alowetsanso paipi ija. Si kufuna ndalama chabe kumeneku? Munthu anavutika nayo tsiku lija.

Achimwene a ku Matero: Pepani mayi. Mapepala a ku Lilongwe munabwera nawo? Ine a malume anga ndinawaiwala m'basi pa Mwami, tinachita kuyambiranso zonse.

Mai a Tadala: Alipo, ndi zotsatira za kanyama kamene anadula kukapima.

Anamwino, Kalingalinga: Mayi, mtima pansi, sakukuberani. Paipi yoyamba inali yofufuza matenda. Yachiwiriyi ndi yoika chizindikiro. Akang'amba mimba, dokotala amagwira chifu ndi zala n'kumva pamene pali polimba. Koma pa opaleshoni ya timabowoyi, imene amati laparoscopy, manja salowa. Amaboola timabowo ta mamilimita 5 mpaka 12, kupopa mpweya wa carbon dioxide kuti mimba itukuke, n'kumaona pa sikirini. Tsono kamera imeneyo imaona chifu chakunja, pamene chotupa chaching'ono chimakhala mkati, ngati nankafumbwe m'chimanga chooneka bwinobwino. Popanda chizindikiro angadule chifu chambiri chabwino, kapena kusiyako mbali ya matenda.

Bambo a Yami, wa malole: Chizindikiro m'mimba? Amalemba ndi chiyani, choko?

Anamwino: Inu a malole nthabwala basi. Ena amapanira timakilipi tachitsulo pafupi ndi chotupacho, timaoneka pa X-ray. Ena amabaya inki yakuda imene imaonekera kunja kwa chifu, ngakhale nthawi zina imamwazika n'kusokoneza. Kumene kuli makina ake amabaya mankhwala otchedwa indocyanine green, amene amawala akawaunika ndi kamera yapadera. Apo ayi amalowetsa paipi ija opaleshoni ili mkati, wodwala ali m'tulo, kuwala kwake n'kumalozera malo. Afunseni adokotala anu asankha njira iti.

Mai a Tadala: Ndiye nkhani yake n'imeneyo! Akanandiuza chonchi sindikanagona ndi mkwiyo.

Anamwino: Amakhala pa changu, mzere ndi wautali. Koma izi musaphonye. Asadye kwa maola 6 kapena 8 paipi isanalowe, ngakhale phala. Ngati amamwa aspirin kapena warfarin, nenani msanga, musawasiyitse nokha. Ngati thupi lawo limadana ndi ayodini nenaninso, chifukwa m'mankhwala owala aja amapezekamo. Ndipo tsiku la opaleshoni likasunthidwa patali, akumbutseni kuti chizindikiro chinaikidwa liti. Makilipi amatha kugwa.

Achimwene a ku Matero: Malume atatuluka ankalira phewa, osati mimba. Ife n'kumati mwina anawagwetsa pabedi.

Anamwino: Ndi mpweya uja, umatha pamasiku ochepa. Akamayendayenda pang'ono zimathandiza.

Bambo a Yami: Nanga akapeza kuti ndi khansa?

Anamwino: Chipatala cha khansa, Cancer Diseases Hospital, chili pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH pomwepa. Adokotala awo adzawalembera kalata yopita nayo.

Bambo a Yami: Mayi, tsiku la paipi mundiuze. Ndikakhala sindili pamsewu wa Chipata ndidzabwereka kagalimoto, asadzakwere minibasi ndi chizungulire.

Mai a Tadala: Ndi Lachinayi m'mawa, achimwene. Mudzatipeza pamsika, pafupi ndi ogulitsa makala.