Kodi mafilimu a nkhondo zomenyera ufulu ojambulidwa ndi Aafirika eni ake alipo?

Mwana_wa_Aphunzitsi:
Abale anga, usiku wathawu ndimaonera Concerning Violence, filimu ya 2014 yomwe mawu ake anatengedwa m'buku la Frantz Fanon, wolemba wotsutsa utsamunda. Muli mtsikana wina wa ku Mozambique, mkono wake utaduka, akuyamwitsa khanda lodukanso mwendo. Tulo sindinatione. Koma chandivuta ndi ichi: zithunzi zimenezi anajambula ndi atolankhani a ku Sweden. Nkhondo yathu, magazi athu, koma diso ndi la mlendo. Kodi palibe zomwe tinadzijambulira tokha?

Mkulu_wa_Mbiri:
Zilipo, mwanawe. Amílcar Cabral, mtsogoleri wa nkhondo yomenyera ufulu wa Guinea-Bissau, anaziganizira msanga zimenezi. Mu 1967 anatumiza achinyamata anayi a ku Guinea-Bissau kuti akaphunzire kujambula mafilimu ku Cuba, ndipo mwa iwo munali Flora Gomes ndi Sana na N'Hada. Ankafuna kuti tsiku lomwe dziko lidzabadwe, kamera idzakhale m'manja mwa mwana wa dzikolo. Chomvetsa chisoni n'choti iyeyo tsikulo sanalione. Anamupha ku Conakry mu Januwale 1973, ufulu n'kudzalengezedwa pa 24 Sepitembala chaka chomwecho, m'dera la Boé. Matepi ambiri omwe achinyamatawo anajambula anaonongeka chifukwa chosowa chisamaliro. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa.

Mlongo_Wanu:
Achimwene, musaiwale Mozambique. Atalandira ufulu mu 1975, boma la Samora Machel linakhazikitsa bungwe la mafilimu, ndipo linkatulutsa nkhani za pa kanema zotchedwa Kuxa Kanema. Ankazinyamula pagalimoto mpaka kumidzi, anthu oti kanema sanamuonepo n'kumaona anzawo a m'dziko lomwelo akulankhula. Nyumba ya bungweli inapsa mu 1991. Tinenenso zoona, kamera imeneyo inali ya Frelimo, choncho zolakwa za chipani simungazipezemo.

Wowerenga_Chabe:
Ine a ku Sweden aja sindingawataye. Analowa m'tchire, kuyenda ndi asilikali pansi, pomwe Apwitikizi ankafuna kuti dziko lisadziwe kanthu. Popanda iwo mtsikana ujayo bwenzi mutamuona?

Mwana_wa_Aphunzitsi:
Zikomo nonse. Sindikuwataya ayi, akulu. Kungoti mayi uja anangomujambula, mawu ake sindinawamve, dzina lakenso sindikulidziwa. Ndiyamba ndi kufufuza za Sana na N'Hada. Amene akudziwa komwe ndingaonere Kuxa Kanema andiuze chonde.