Ndisinthe ma TV a malume anga kapena ndiwasiye momwe alili?

Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito yosamala matepi akale kapena yokonza ma TV a msana waukulu aja, chifukwa nkhani imene yandigwera yandikulira msinkhu.

Malume anga, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo, anakhalitsa ku Johannesburg, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anapanga ntchito yaluso ya kanema. Anatenga ma TV atatu ang'onoang'ono n'kuwakhazika pansi ngati mafuwa, magalasi ataloza kunja, ndipo pamwamba pake anaterekapo mphika wadothi. TV ina inkaonetsa manja a mayi akuvundula nsima, ina malawi a moto, ina mapazi a anthu akutsika sitima, moti woonera ankayenera kuzungulira ndi kuwerama ngati wosonkhezera nkhuni. Tsopano malo ena oonetserako zaluso apempha kuti ntchitoyi ionetsedwenso, ndipo banja landisenzetsa ine udindowu poganiza kuti wodziwa kompyuta amadziwa zonse.

Vuto loyamba ndi matepi. Pali a VHS atatu amene ankagwiritsa ntchito poonetsa, komanso atatu a U-matic, mtundu wa matepi a akatswiri ojambula kanema, amene malume analembapo kuti ndi oyambirira. Nditabwereka makina n'kuikamo tepi imodzi ya VHS, inayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri, chithunzi chinasanduka mchenga pasanathe mphindi ziwiri, ndipo nditatsegula ndinapeza zinthu zofiirira zomata zitakakamira pamitu yowerengera tepi. Ndinasiyira pomwepo. Tepi ina ili ndi chuku choyera m'mphepete. Makinawo ndi osowa, popeza kampani ya Funai, imene inali yomaliza kupanga makina a VHS, inasiya mu 2016.

Koma chondisowetsa tulo ndi ma TV. Awiri akuyaka, pamene yachitatu imaonetsa zobiriwira kwa kanthawi n'kuzima. Eni malowo akuti tigule ma TV atsopano opyapyala n'kuwaika m'mabokosi amatabwa. Mtima wanga ukukana, chifukwa TV yopyapyala si fuwa, singasenze mphika, ndipo ma TV akalewa ankatulutsa kutentha kumene munthu ankakumva akawerama pafupi. Kodi ndikungokakamira zachabe, kapena TV yakaleyo ndi gawo la ntchitoyo? Nanga matepiwa ndiyambire pati?

Yankho loyamba

Achimwene, pepani ndi maliro, ndipo mwachita bwino kuzimitsa makinawo. Chinyezi chimawononga guluu amene amagwira fumbi la maginito patepi, n'chifukwa chake ikumata ndi kulira. Akatswiri amaiumitsa kwa maola ambiri mu uvuni wapadera pa madigiri pafupifupi 50, ndipo ikatero imawerengeka kwa kanthawi kokwanira kuikopera. Musayese zimenezi mu uvuni wophikira. Tepi yachukuyo muipatule, chifukwa ikalowa m'makina idzaipitsa ena onse.

Yambirani pa U-matic, popeza VHS ndi kope chabe ndipo chithunzi chake n'chotsikirapo. Amene adzakukopereni akhale ndi kachipangizo kotchedwa TBC koletsa chithunzi kugwedera, ndipo akupatseni fayilo yaikulu yosafinyidwa motaya kanthu, monga FFV1 imene malo ambiri osungira zakale amagwiritsa ntchito, osati MP4 yokha. Muwaletse kutambasula chithunzi kuti chidzaze TV yamakono, chikhale 4:3 monga chinajambulidwira. Mafayilowo muwasunge malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo matepi musataye.

Yankho lachiwiri

Bambo, funso lanu la ma TV lazunguzapo mitu ngakhale nyumba zikuluzikulu zosungira zaluso. Ku Gwacheon, m'dziko la South Korea, kuli nsanja ya ma TV 1,003 imene katswiri wa zaluso za kanema, Nam June Paik, anapanga mu 1988. Anaizimitsa mu 2018 poopa moto, ndipo inayakanso mu 2022 atakonza ma TV akale oposa 700. Otsalawo anawaika magalasi amakono koma n'kusunga maonekedwe a mabokosi ake, ndipo anachepetsa maola oiyatsa. Paik anamwalira mu 2006, choncho nawonso analibe mwini wake womufunsa.

Inu muli ndi atatu okha, ndiye musafulumire kugonja. Kawirikawiri chimene chimafa ndi tizipangizo ta pabolodi, osati galasi lenilenilo, ndipo mmisiri wachikulire amene anakonzapo ma TV amenewa akhoza kuidzutsa TV yachitatu ija. Musaitsegule nokha, chifukwa mkati mumatsala magetsi amphamvu ngakhale itazimitsidwa. Gulaninso ena awiri a msinkhu womwewo akadapezeka kwa ogulitsa zakale, akhale osungira. Chithunzi chikhoza kuchokera pafayilo kudzera pakachipangizo kobisika, matepi n'kumapuma.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse awiri. Madzulo ano ndafunsa azakhali, akazi awo a malume, ndipo andiuza kuti mphika unaswekapo kawiri ndipo malume ankangogula wina osadandaula, koma tsiku lina TV imodzi itafa anakana kuonetsa ntchitoyo ndi ziwiri zokha, anadikira mpaka inapezeka ina yofanana kutalika. Mawu amenewa ndawalemba ndipo ndiwapereka kwa eni malo aja. Chatsala n'chakuti, ndani akudziwa amene akadali ndi makina a U-matic ogwira ntchito ku Johannesburg kapena Pretoria, amenenso amatha kuumitsa matepi?