Ndikuyamba kabaza ya njinga yamoto, nsapato ndi zovala ndigule zotani?

Wa ku Mtsiliza:
Moni nonse akuluakulu. Malume anga andigulira njinga ya Lifan kuti ndiyambe kabaza kuno ku Lilongwe ndizibweza ndalama pang'onopang'ono. Laisensi ndatenga, kandalama katsalako ndi kochepa ndiye sindikufuna kukataya pa zinthu zopanda ntchito. Anzanga pa siteji ambiri amangoyendetsa atavala masilipasi kapena masikuna, ena akuti ndigule magambuti poti mvula yayandikira, ena akuti jombo za sefite zija zokhala ndi chitsulo kutsogolo. Nanga helimeti ya pa kaunjika ilibe vuto? Komanso mlamu wanga amayendetsa Bajaj ya matayala atatu, akuti iye zonsezi sizikumukhudza poti amakhala mkati, zoona zimenezi? Ndithandizeni chonde.

Mkulu wa Kabaza:
Achimwene mwachita bwino kufunsa musanalowe pamsewu. Ine ndiyambira ku mapazi poti helimeti aliyense amaidziwa chifukwa cha apolisi, koma phazi palibe amaliganizira pomwe njinga ikagwa choyamba kupanikizika pakati pa injini ndi phula ndi kakolo. Masilipasi iwalani, amavuka musanafike n'komwe pansi. Pezani jombo ya chikopa yokwera mpaka kubisa mafupa awiri aja otuluka m'mbali mwa kakolo, ya pa kaunjika ilibe vuto bola muisankhe bwino. Muigwire ku chala ndi ku chidendene n'kuipotokola, ikamapindika ngati mukufinya chovala chochapa isiyeni pomwepo. Mufinyenso kumbuyo kwa chidendene muone ngati kuli kolimba. Pansi pake pakhale pa labala yokhala ndi mizere, komanso kachidendene pang'ono koti kazikola pa chopondera, chifukwa pa filing'i sitesheni pamakhala mafuta otayika ndipo mukaponda ndi nsapato yoterera mutanyamula kasitomala ndi thumba la chimanga mugwa njinga itaima.

Za jombo za sefite anthu amaopsezana kuti chitsulo chija chimadula zala, ine zimenezo sindinazionepo. Vuto lomwe ndimalidziwa ndi lakuti kutsogolo kwake ndi kokhuthala ndiye phazi lakumanzere limavutika kulowa pansi pa giya. Koma zimenezo n'zokonzeka, makaniko amasula kabawuti ka giya n'kuikweza dzino limodzi, basi zatha. Pamwamba pa jombo yakumanzere pomwe pamakhudza giya pamatha msanga, pitani nayo kwa osoka nsapato aikepo kachigamba ka chikopa isanabooke. Zingwe muzizilowetsa mkati nthawi zonse, chingwe chikakola pa giya kapena pa buleki mumafuna kutsitsa phazi pa maloboti koma phazi osatsika.

Magambuti ine ayi. Ndi olobodoka, sagwira kakolo, amavuka mukagwa komanso simumva bwino buleki. Mvula ikagwa valani jombo yomweyo, muipake polishi wambiri, thalauza la renikoti libwere pamwamba kuti madzi asalowere kukamwa kwa jombo.

Delivale Joni:
Zomwe anena akuluwa ndikugwirizana nazo koma pa kagawidwe ka ndalama ine ndikuti helimeti iyambe, ndipo isakhale ya kaunjika ngakhale ikuwala bwanji. Ndimagwira ntchito yoperekera zakudya pa njinga kuno ku Johannesburg ndiye izi tinaphunzitsidwa. Chomwe chimateteza mutu si chipulasitiki chakunja chija ayi, ndi chinthu choyera chokhuthala chamkati chofanana ndi chomwe amatchinjirizira TV mu katoni. Chimenechi chikamenyedwa kamodzi chimaphwanyika mkati ndipo sichibwereranso, kunja helimeti imaoneka bwinobwino koma ntchito yake inatha. Ya kaunjika simungadziwe kuti mwini wake anagwa nayo kangati. Ngakhale yanu yomwe mukagwa nayo mutu n'kugunda pansi, imeneyo yatha gulani ina.

Pogula musamangoona stika ya DOT kumbuyo, imeneyo ndi ya ku America ndipo kampani imadzimatira yokha, ndiye a feki amangosindikiza. Yang'anani pa lamba wa pachibwano, ya muyezo wa ku Ulaya imakhala ndi kansalu kosokerera kolembedwa E ndi nambala mkati mwa kabwalo, kenako nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06, kutanthauza ECE 22.05 kapena 22.06 yomwe ndi yatsopano. Pakakhala chilembo P ndiye kuti mbali ya chibwano inayesedwa ndipo imateteza, J ndi ija yotsegula kumaso. Ine ndimakonda yotseka nkhope yonse, chibwano ndi mano zimafika pansi msanga. Ikhale yothina pang'ono m'masaya, mukapukusa mutu isamagwedere, ndipo lamba mukamanga pazingolowa zala ziwiri. Zipewa za pa konsitirakishoni zomwe ena amavala kuti apolisi asawagwire si helimeti, zinapangidwira njerwa yogwa kuchokera pamwamba.

Jombo zenizeni za njinga zimalembedwa EN 13634 mkati, mukaipeza pa kaunjika pa mtengo wabwino musaisiye, ogulitsa ena sadziwa n'komwe kuti ndi chani.

Namwino wa ku Wodi ya Mafupa:
Mwana wanga ndikuyankhe ngati mayi ako. Ku wodi kwathu mabedi ambiri agonapo ndi anyamata a msinkhu wakowo, ndipo chomwe timachiona kwambiri ndi msongolo wothyoka fupa litatulukira kunja, ndi mapazi osupuka khungu mpaka mitsempha kuonekera. Bala lotere likalowa mchenga ndi dothi limavuta kupola, munthu amakhala miyezi osagwira ntchito pomwe mwini njinga akudikira ndalama yake. Jombo singaletse fupa lililonse kuthyoka koma amene anavala jombo ndi jinzi yokhuthala mabala awo amakhala oyera, osavuta kusamalira. Magolovesi usaiwale, munthu akamagwa amatsogoza manja, ngakhale achikopa aja a mawelda ang'onoang'ono ndi abwino kusiyana ndi manja ali pamtunda. Jekete ya manja aatali uzivala ngakhale kukutentha mu Okutobala, ndi rifulekita pamwamba kuti a magalimoto azikuona usiku.

Uganizirenso amene wawanyamula. Amayi uziwauza akwinye chitenje asanakwere chisalendewere ku tcheni kapena ku masipoko, mwana phazi likhale pa chopondera osati lili lende pafupi ndi tayala, tawaona ana chidendene chitadyedwa ndi masipoko ndipo zimandiwawa mtima kwambiri. Ekizozi ili mbali yakumanja ndiye kasitomala azikwera ndi kutsikira kumanzere. Wina akapsa thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano kapena dzira. Helimeti yachiwiri ya kasitomala ikhalepo, amene akudandaula za thukuta la ena avale duku kapena kachipewa kopyapyala mkati. Ndipo mnzako akachita ngozi musathamangire kumuvula helimeti ngati akupuma bwino, khosi likhoza kukhala litavulala.

Bajaj Mangochi:
Alamu anuwo auzeni kuti akudzinamiza. Ya matayala atatu siigwa itaima zoona, koma pa kona mukalowa ndi liwiro mutanyamula katundu mbali imodzi imatukula tayala n'kugudubuka, ndipo zitseko palibe. Munthu ikamapendekeka amangotulutsa mwendo kuti aponde pansi mosaganiza, chitsulo chonse chija n'kugwera pa mwendowo. Pa Bajaj magiya ali kudzanja lamanzere koma buleki ndi ya phazi lamanja, silipasi ikaterereka kapena kupindikira pansi pa pedulo mwagunda munthu. Kuno kunyanja kumatentha koopsa koma ine ndimavala nsapato yotseka yomanga bwino, masilipasi ndimasunga pansi pa mpando ndimavala ndikamadikira makasitomala. Zija zonyamula katundu zokhala ndi ngolo kumbuyo ndiye woyendetsa amakhala poyera ngati pa njinga wamba, ameneyo avale zonse helimeti ndi jombo zomwe.

Wa ku Mtsiliza:
Zikomo kwambiri nonse, amayi anamwino mawu anu ndawamva. Ndiyamba ndi helimeti yatsopano ya m'shopu, jombo ndikasaka Loweruka pa kaunjika, magolovesi ndi helimeti ya kasitomala ndikangopeza ndalama ya sabata yoyamba. Funso lomaliza, jombo ndigule saizi yanga yeniyeni kapena yokulirapo?

Mkulu wa Kabaza:
Mupite mutavala sokosi yokhuthala yomwe muzivala pa ntchito, ndipo muyese masana phazi litafufuma kale osati m'mawa. Zala zizitha kugwedera koma chidendene chisamakwere mukamayenda. Ngati n'kotheka pitani ndi njinga yomwe, mukhalepo muyese kukweza giya ndi kuponda buleki musanapereke ndalama.