Mphaka wanga akumeza ulusi ndi majumbo, ndichite bwanji?

NaBanda wa ku Chinamwali:

Muli bwanji nonse. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde pa nyumba yanga kuno ku Chinamwali. Ndili ndi mphaka wamkazi, ana anamutcha Makala chifukwa ndi wakuda bii. Ndinamutenga mu Janyuwale kwa mayi wina wogulitsa matemba, ali kakang'ono kokwana m'dzanja limodzi, make atagundidwa ndi galimoto pamsewu wa ku Liwondewu. Ndamulera ndi kasupuni. Chikulireni iyeyu, makoswe amene ankandiboolera nsalu za makasitomala anatheratu, ndiye musadabwe kuti ndikudandaula chonchi chifukwa cha mphaka.

Anayamba mu Juni kukuzizira. Ankakwera pabedi n'kumayamwa juzi ya mwana wanga mpaka kunyowa, kenako n'kuiboola pamkono. Kachidutswa kobookako sitinakapeze. Atatero anayamba majumbo, makamaka jumbo loti munali usipa, amalinyambita kenako n'kumalitafuna. Tsiku lina ndinapeza lasitiki wa siketi ya yunifomu m'masanzi ake.

Tsopano zafika pondiopsa. Lachiwiri ndinasiya makina osavundikira, ndinathamangira kumaliro kwa aneba. Pobwera ndinapeza bobini ili pansi, ulusi wofiira utamasuka, wina utaduka. Dzulo wasanza kawiri, chakudya wangonyambitako. Lero Lachinayi m'mawa ndaona ulusi womwewo ukulendewera kumbuyo kwake, kutalika ngati chala. Bambo a ana akuti ingokoka zithe. Mayi wa nyumba yoyandikana akuti ndimumwetse madzi amchere asanze zonse. Apongozi anga akuti mphaka wakuda wodya nsalu ndi malodza, tikamutaye kuphiri. Kutaya sinditaya. Koma ndikoke kapena ndisiye? Nanga chimamupangitsa zimenezi n'chiyani, poti nsima ndi msuzi amadya tsiku lililonse?

Che Ajibu wa ku Matawale:

Achemwali, chonde musakoke. Ndikunena ndi mtima wonse chifukwa ine ndinakoka. Wanga anameza chingwe cha nayiloni chosokera matumba a chimanga, nthawi yokolola. Chitaonekera kumbuyo ndinagwira n'kukoka pang'onopang'ono, ndimvekere ndikumuthandiza. Analira kulira kumene sindinakumvepo pa mphaka, chingwe osatuluka. Anakabisala kuseri kwa nkhokwe, mimba inatupa, patatha masiku awiri ndinamukwirira. Amene anamuona pambuyo pake anandiuza kuti chingwe chinali chitakola m'kati, ndiye kukoka kwangako kunacheka matumbo.

Tengani sizasi yanu yomweyo, dulani chongolendewera kunjacho kuti asachikoke yekha ndi mano, musiyeko kochepa koti muzionera. Kenako mumutengere ku vetenale lero lomwe. Madzi amcherewo ayi.

Agogo Mlangizi (Thondwe):

Mayi NaBanda, ndagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto mpaka kupuma, ndipo zimene anena Che Ajibu n'zoona. Ndikufotokozereni chifukwa chake, kuti mukawauze bambo kunyumbako.

Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kummero, n'chifukwa chake likamakunyambitani limakanda. Ulusi ukangolowa m'kamwa, timinga timeneti timaukankhira m'kati, iye sangathe kuulavula ngakhale atafuna. Ndiye sikuti amaukonda, nthawi zambiri amayamba ndi kusewera chabe. Choopsa n'chakuti mbali imodzi imatha kukola pansi pa lilime kapena potulukira chifu, ina n'kupitirira m'matumbo. Matumbo amapitiriza kukankha monga mwa ntchito yawo, koma poti ulusi wamangika, iwo ndi amene amakwinyika. Inu atelala mukudziwa zimene nsalu imachita mukakoka ulusi wa magedazi. Matumbo amatero ndithu, ndipo ulusi wokungika uja umayamba kucheka. Akabooka, zam'kati zimatayikira m'mimba, apo n'kovuta kupulumutsa.

Kusanza ndi kukana chakudya, ulusi uli kunja, si zodikira nazo Lolemba. Pitani ku ofesi ya ziweto ku boma. Muwapemphe ayang'ane pansi pa lilime, chifukwa ambiri amaiwala pamenepo ndipo mphaka salola msanga, mwina mpaka amugonetse ndi jakisoni. Muwauzenso ngati singano yasowa. Akanena kuti pakufunika opaleshoni kapena kujambula, konzekani ulendo wa ku Blantyre. Dziwaninso kuti ulusi weniweniwo nthawi zambiri suoneka pa X-ray, amaona kukwinyika kwa matumbo.

Mchere ungamuphe msanga kuposa ulusiwo. Mafuta ophikira omukakamiza amatha kulowera kumapapo. Ndipo mukamuona akumva ululu musayerekeze kumupatsa Panado, ngakhale kachidutswa. Chiwindi cha mphaka sichitha kuwaphwanya mankhwala amenewa, magazi amawonongeka, nkhama zimada, nkhope imatupa. Ndaonapo amphaka atafa ndi chifundo cha eni ake.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Malodza palibe. Khalidwe lodya zosadyedwali madotolo amalitcha pica, ndipo limapezeka kwa anthu, kwa ng'ombe, kwa agalu. Kwa Makala ndikuona zinthu ziwiri. Choyamba, anachoka kwa make asanamalize kuyamwa. Mwana wa mphaka amayenera kukhala ndi make masabata 8 pang'ono pokha, 12 n'kwabwino koposa. Wolekana ndi make msanga amafunafuna chofewa ndi chofunda choti aziyamwa, juzi kapena bulangeti, akupondaponda ndi timapazi ngati ali pabere. Ena amasiya akakula, ena amafika pomeza. Amphaka a mtundu wa Siamese ndi Burmese ndi amene amadziwika nazo kwambiri, koma athu akumudziwa amachitanso.

Chachiwiri ndi nsima ndi msuzi mwanenayo. Galu angapirire nazo, mphaka ayi. Thupi lake linapangidwira nyama, ndipo muli zina zofunika monga taurine zimene iye amazipeza mu nyama ndi nsomba basi. Kale ankadzithandiza ndi makoswe, koma mwanena nokha kuti anawamaliza. Komanso msuzi wathu umakhala ndi anyezi, ndipo anyezi ndi adyo amawononga magazi a mphaka. Mukweze mlomo wake muone nkhama. Zikhale zofiirira. Zikakhala zotuwa ndiye kuti magazi achepa, mwina chifukwa cha njoka zam'mimba kapena nthata, ndipo mphaka wotere amanyambita simenti, kudya dothi ndi zina zotero. Za nthatazo, musamuwaze mankhwala osungira chimanga kapena dibi wa agalu, ambiri mumakhala permethrin amene amagwetsa mphaka khunyu.

Udzu wokha akamadya musamuletse, n'chibadwa chawo.

Tamanda (Chikanda):

Anti, pepani ndi Makala. Ine ndine wa ku Chanco, timachita lendi ku Chikanda ndi anzanga atatu, ndipo tili ndi wathu yemwe anatidulira machaja awiri ndi mahedifoni. Timalabala tomangira tsitsi ndiye sitingasiye patebulo. Tinaona kuti amachita kwambiri masiku a mayeso, tikamamutsekera m'nyumba tsiku lonse yekhayekha. Tinayamba kumusiyira zenera, komanso madzulo timamuseweretsa ndi chitsononkho ndi kampira kolimba koti sangameze. Zinachepa ndithu, ngakhale sizinatheretu. Kumumenya tinayesa, anangophunzira kutafuna ife kulibe.

Mesh yolukira tsitsi musamale nayonso, yotsala ija imagwa pansi. Ndipo masikito akayamba kuwatafuna muziwapinda m'mwamba masana, poti aja amabwera ali onyikidwa kale m'mankhwala.

Majumbo ndiye amandikwiyitsa. Opyapyala osafika ma micron 60 analetsedwa mu 2015, khoti la Supreme linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chipitirire, koma ukagula usipa kapena mandasi umapatsidwabe omwewo. Fungo la mafuta ndi nsomba limatsalira, ndiye mphaka angasiyanitse bwanji? Ife timakhuthulira m'kontena tikangofika, jumbolo n'kulitaya mu ndowa yotseka.

NaBanda wa ku Chinamwali:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Agogo, uthenga wanu ndinawawerengera bambo a ana mokweza, pa magedazi paja anangoti zii, kenako iwo omwe ndi amene anakasaka katoni. Ndinadula ulusi monga ananenera Che Ajibu, tinaboola katoniyo timabowo, ndinakwera naye kabaza mpaka ku boma, akulira njira yonse.

Pansi pa lilime panalibe kanthu. Adokotala anamugwiragwira m'mimba kwa nthawi ndithu, anati matumbo sakumveka okwinyika ndipo thupi silinatenthe. Anamubaya jakisoni, anatiuza timutsekere m'chipinda ndi beseni la mchenga kuti tizionera chimbudzi chake, ndipo akasanzanso ngakhale kamodzi tisachedwe, tizipita ku Blantyre. Usiku umenewo sindinagone. Ndalama ya mayunifomu 6 imene ndinalandira ndinaiika padera kuti ikhale thiransipoti. Lachisanu chakumadzulo ulusi unatuluka wokha pamodzi ndi chimbudzi. Ndinautambasula ndi kamtengo n'kuuyeza ndi tepi yanga: masentimita 43. Munalinso kachidutswa ka jumbo labuluu.

Nkhama zinali zotuwa ndithu monga munanenera. Atipatsa mankhwala a njoka zam'mimba, akuti tizibwereza pakatha miyezi 3 iliyonse. Chiyambireni mu Janyuwale ndinali ndisanamupatseko, sindinkadziwa kuti mphaka amafunika zimenezo, ndipo zikundiwawa mumtima.

Dzulo Loweruka sindinasokere munthu aliyense. Ndinasoka chovundikira makina cha nsalu ya jini, chokhala ndi zipi. Ulusi, mabobini ndi lasitiki zalowa m'chitini cha mabisiketi. Masingano ndawerenga, onse alipo, ndipo ndasiya chizolowezi chobaya singano yaulusi pa chitenje cha pamakina. Zodulidwa za nsalu ndikusesa ndisanadzuke kupita kulikonse, ngakhale kukatunga madzi. Juzi ija ndaibisa, ndiye usiku amazungulira pabedi akuifuna, mpaka mwana wanga analira kuti tingomubwezera. Sindinalole. Apongozi akadali pa mawu awo, koma m'mawa uno ndawaona akumuponyera mutu wa mlamba.

Agogo, ndifunseko chimodzi. Nyama tsiku ndi tsiku sindingakwanitse. Matemba a ku Kachulu ndimawapeza motchipa, ndipo kwa ogulitsa nkhuku ndingamatengeko mitima ndi nthutumba. Ndikamawiritsa popanda mchere ndi anyezi n'kusakaniza ndi nsima pang'ono, zikwanira? Nanga minga ya matemba ndizichotsa, kapena ndizingosinja zonse mu mtondo?