Ndikuika ndalama pang'onopang'ono mwezi uliwonse, koma ndidziwa bwanji ngati ndikupindula?

Naphiri:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndimagwira ntchito yolembedwa ndipo malipiro anga ndi apakatikati, oti ndikalipira nyumba, mayendedwe ndi zina zofunika pakhomo, chotsala chimakhala chochepa ndithu. Kuyambira chaka chatha ndakhala ndikupatula gawo limodzi mwa magawo khumi a malipirowo tsiku lomwelo lolandira. Theka lake ndimaika m'thumba la unit trust (momwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama kuti akatswiri aziwagulira masheya ndi zina zotere), pomwe theka linalo ndimagulira masheya a makampani awiri, ndipo imodzi mwa makampaniwo ndi yomwe ndimagwirako ntchito. Ndikatsegula pafoni ndimaona nambala ikukwera mwezi ndi mwezi, koma sindikudziwa ngati ikukwera chifukwa ndalamazo zikubala kapena chifukwa ine ndikungothiramo zina. Kodi munthu wa malipiro ngati anga akuchita zanzeru kuyamba motere? Nanga ndizilemba chiyani ndi kuwerengera motani kuti ndidziwe phindu lenileni? Sindinaphunzire za maakaunti, choncho ndikupempha kuti mundifotokozere mwa njira yoti ndithe kuitsatira ndekha.

Chirwa:

A Naphiri, ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa munthu amene sadziwa kuwerengera phindu lake sangathenso kuweruza ngati njira yomwe wasankha ili yabwino. Nambala yomwe mumaiona pafoniyo yasakaniza zinthu ziwiri, ndalama zomwe zachokera m'thumba mwanu ndi ndalama zomwe zabadwa, ndipo ntchito yonse yolondoloza chuma chanu ndi kulekanitsa ziwirizi.

Tsegulani tsamba la Excel kapena Google Sheets. Nthawi iliyonse mukagula, lembani mzere umodzi wokhala ndi tsiku, dzina la chomwe mwagula, kuchuluka kwa masheya kapena mayuniti, mtengo wa imodzi, ndi ndalama zomwe akudulani chifukwa cha ntchito yogulayo. Dividendi, yomwe ndi gawo la phindu lomwe kampani imapereka kwa eni masheya, ikabwera muilembe pamzere wakewake pamodzi ndi msonkho womwe achotsa isanakufikeni. Patsamba lachiwiri muzilembapo kamodzi kokha pamwezi, tsiku lofanana, ndipo pakhale manambala atatu: zonse zomwe mwaikamo kuyambira pachiyambi, mtengo wa zonse muli nazo tsikulo, ndi kusiyana kwa ziwirizo.

Kusiyanako kukuuzani ngati mwapindula, koma sikukuuzani liwiro la phindulo, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Tiyerekeze kuti mumaika 10,000 kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, mu ndalama zilizonse zomwe mumalandira. Pakutha pa miyezi 12 mwaika 120,000 ndipo mtengo wake wafika 126,000. Mukagawa 6,000 ndi 120,000 mupeza 5 peresenti, mwina n'kukhumudwa. Koma si ndalama zonsezo zomwe zagwira ntchito chaka chathunthu. Za mwezi woyamba zagwira miyezi 12, pomwe za mwezi wotsiriza zagwira mwezi umodzi wokha, kotero tikaziphatikiza zonse zakhalamo nthawi yongopitirira pang'ono theka la chaka. Phindu lanu pachaka likuposa pang'ono 9 peresenti. Simufunika kuwerengera izi pamanja, chifukwa Excel ndi Google Sheets zonse zili ndi fomula yotchedwa XIRR. Mumaipatsa mndandanda wa masiku ndi mndandanda wa ndalama, zomwe mwatulutsa m'thumba mwanu muzilembe ndi chizindikiro chochotsera, mtengo wa lero muulembe pamzere wotsiriza popanda chizindikirocho, ndipo iyo ikupatsani peresenti yapachaka.

Mukaipeza nambalayo musayambe kusangalala musanaiyerekeze ndi kukwera mitengo kwa zinthu, komwe banki yaikulu kapena ofesi ya kalembera ya dziko lililonse imalengeza. Ngati ndalama zanu zabala 9 peresenti m'chaka chomwe mitengo yakwera ndi 12 peresenti, mwataya mphamvu yogulira pafupifupi 3 peresenti, ngakhale foni ikuonetsa nambala yobiriwira. Ngati mitengo yakwera ndi 3 peresenti yokha, phindu lomwelo ndi labwino kwambiri. Ine ndimaona kuti tsamba lopanda mzere wa kukwera mitengo ndi losamalizidwa.

Nagama:

A Chirwa afotokoza bwino za kawerengedwe, ine ndikhudze funso loyamba. Kupatula ndalama tsiku lolandira n'kolondola, ndipo musasiye. Komabe pali zinthu ziwiri zomwe ziyenera kutsogola masheya asanabwere. Choyamba ndi ngongole yachiwongoladzanja chachikulu, chifukwa palibe nzeru yothamangitsa phindu la 10 peresenti lomwe silotsimikizika uku mukulipira 30 peresenti yotsimikizika kwa wokongoza. Chachiwiri ndi ndalama zapangozi, zokwanira kukusungani miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, zosungidwa malo oti mutha kuzitapa tsiku lomwelo. Munthu wopanda ndalama zapangozi amakakamizika kugulitsa masheya pa nthawi yomwe sanasankhe, ndipo kawirikawiri nthawi yomwe ntchito zimatha ndi yomwenso mitengo ya masheya imakhala itagwa.

Chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi masheya a kampani yomwe mumagwirako ntchito. Malipiro anu akuchokera kale kumeneko, tsono mukaikanso ndalama zanu zosunga komweko ndiye kuti tsogolo lanu lonse lili pa khomo limodzi. Kampani ya Enron ya ku America itagwa mu Disembala 2001, antchito ake ambiri anataya ntchito ndi ndalama za penshoni nthawi imodzi, popeza gawo lalikulu la penshoniyo linali m'masheya a kampani yomweyo. Sindikunena kuti kampani yanu ili pamavuto. Ndikunena kuti kuidziwa kampani kuchokera m'kati kumapangitsa munthu kuiona ngati yotetezeka kuposa momwe ilili. Katswiri wa zachuma Harry Markowitz anasonyeza ndi masamu mu 1952 kuti kugawa ndalama m'zinthu zomwe sizikwera kapena kugwa pamodzi kumachepetsa chiopsezo, ndipo ntchito imeneyo inamupezetsa mphotho ya Nobel mu 1990. Makampani awiri ndi ochepa kwambiri kuti tinene kuti mwagawa.

Za unit trust yanuyo, funsani oyendetsa kuti akudulani zingati polowa, pachaka ndi potuluka, ndipo akupatseni yankho lolembedwa. Ndalama yapachakayo imaoneka yaing'ono koma imadya mwakachetechete. Mukaika 100,000 n'kuisiya zaka 30 ikubala 7 peresenti pachaka, imafika pafupifupi 761,000. Ngati oyendetsa akudula 2 peresenti chaka chilichonse n'kukusiyirani 5, imafika pafupifupi 432,000 yokha. Kusiyana kumeneku ndi komwe kunachititsa John Bogle, yemwe anayambitsa kampani ya Vanguard mu 1975, kukhazikitsa mu 1976 thumba lomwe silisankha masheya koma limangogula masheya a makampani onse a pa S&P 500, mndandanda wa makampani akuluakulu a ku America, ndipo limadula ndalama zochepa zoyendetsera. Warren Buffett, katswiri wotchuka wa masheya wa ku America, anabetcha madola miliyoni imodzi kuti thumba lotere lipambana matumba asanu oyendetsedwa ndi akatswiri odula pa zaka khumi kuyambira 2008 mpaka 2017, ndipo anapambana ndithu: thumba lotsatira msika linabala kupitirira 120 peresenti ndipo palibe limodzi mwa asanuwo lomwe linalifikira. Ngati thumba lamtunduwu likupezeka komwe muli ndipo malamulo akukulolani kuligula, liganizireni.

Mbewe:

Ndikugwirizana ndi Mayi Nagama pa zambiri, makamaka za ngongole ndi za Enron, koma ndikufuna kuchenjeza kuti nkhani ya msika wa ku America isatipangitse kuganiza kuti masheya amakwera nthawi zonse munthu akangodikira pang'ono. Mndandanda wa Nikkei 225 wa ku Japan unafika pachimake mu Disembala 1989, kenaka unagwa, ndipo sunabwerere pamalo amenewo mpaka Febuluwale 2024. Zimenezo ndi zaka zoposa 34, pafupifupi moyo wonse wapantchito wa munthu. Ngakhale S&P 500 yomweyo inagwa ndi pafupifupi 57 peresenti pakati pa Okutobala 2007 ndi Malichi 2009, ndipo inabwerera pachimake chakalecho mu 2013. Kumbukiraninso kuti chinthu chikagwa ndi theka chimafunika kukwera ndi 100 peresenti kuti chingofika pomwe chinali. N'chifukwa chake ndalama zomwe mudzazifune m'zaka zisanu zikubwerazi, monga za sukulu ya mwana, siziyenera kukhala m'masheya konse. Malo ake ndi mabondi aboma ndi ma treasury bill (njira zokongozera boma ndalama kuti lidzabweze ndi chiwongoladzanja) kapena akaunti yosungira ya nthawi yoikika, komwe phindu limadziwika pasadakhale.

Mfundo yanga yaikulu ndi ina. Pa zaka zoyambirira, chomwe chimakulitsa chuma chanu si kusankha bwino masheya koma kuchuluka kwa zomwe mukuikamo. Titenge chitsanzo cha a Chirwa chija. Ngati muli ndi 120,000 ndipo chaka chayenda bwino mwapindula 10 peresenti, mwapeza 12,000, yomwe ikungoposa pang'ono zomwe mumaika mwezi umodzi. Mukasankha mwaluso kwambiri n'kupeza 13 peresenti m'malo mwa 10, mwaonjezera 3,600 pachaka. Koma mukakweza zomwe mumapatula kuchoka pa 10,000 kufika pa 12,000 pamwezi, mwaonjezera 24,000 pachaka popanda chiopsezo chilichonse. Choncho patsamba lanulo onjezerani mzere wosonyeza peresenti ya malipiro yomwe mwapatula mwezi umenewo, ndipo malipiro akakwera mukweze gawolo musanazolowere ndalama zatsopanozo. Nthawi yomwe phindu limayamba kuposa zomwe mumaika imafika ndithu, koma imachedwa. Njira yachidule yoonera kuchedwako ndi kugawa 72 ndi peresenti ya phindu: pa 6 peresenti ndalama imawirikiza kawiri pa zaka pafupifupi 12, pa 9 peresenti pa zaka pafupifupi 8.

Ndipo musamatsegule foniyo tsiku lililonse. Mtengo wa tsiku limodzi suphunzitsa kanthu, umangoputa mtima wofuna kugulitsa kapena kugula popanda chifukwa.

Naphiri:

Zikomo kwambiri nonse. Ndakonza masamba awiri aja monga a Chirwa anenera, ndipo XIRR yandionetsa kuti unit trust ikungolingana ndi kukwera kwa mitengo, pomwe masheya a kuntchito kwanga akwera kwambiri moti tsopano akuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse ndili nazo. Kodi ndigulitse ena, kapena ndingosiya kugula? Komanso mnzanga wina akundikopa kuti ndilowe m'gulu la pa intaneti lomwe akuti limapereka 20 peresenti mwezi uliwonse, ndipo wandionetsa umboni woti iye walandirapo kale.

Chirwa:

Za gululo, masamu okha akuyankha. Ndalama yobala 20 peresenti mwezi uliwonse imawirikiza pafupifupi kasanu ndi kanayi pachaka, ndipo bizinesi yoona yomwe ingapange zimenezo siingavutike kufunafuna ndalama za anthu apantchito, chifukwa mabanki angathamangire kuikongoza. Kulandira kwa mnzanuyo si umboni, popeza m'magulu otere oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo. Charles Ponzi anachita zomwezo ku Boston mu 1920 polonjeza 50 peresenti m'masiku 45, ndipo Bernard Madoff ananamiza ngakhale mabanki ndi mabungwe akuluakulu kwa zaka zambiri mpaka anamangidwa mu Disembala 2008. Musanapereke ndalama kwa wina aliyense, fufuzani ngati dzina lake lili pamndandanda wa omwe ali ndi chilolezo kuchokera ku bungwe loyang'anira misika ya ndalama m'dziko lanu.

Za masheya a kuntchito, yambani ndi kulemba pamwamba pa tsamba lanu gawo lomwe mukufuna kuti chinthu chilichonse chikhale nalo, ndipo ine sindingalole kampani imodzi kupitirira 10 peresenti ya zonse, makamaka ikakhala yondilemba ntchito. Popeza chuma chanu chikadali chaching'ono poyerekeza ndi zomwe mumaika pamwezi, njira yotsika mtengo ndi kusiya kugula masheyawo n'kulozetsa ndalama zonse zatsopano ku mbali zomwe zatsalira, ndipo gawo lake litsika lokha popanda kulipira zogulitsira kapena msonkho wa phindu, komwe msonkhowo ulipo. Werengerani patsambalo kuti zitenga miyezi ingati. Ngati zikupitirira chaka, gulitsani gawo lina, koma muyambe mwafunsa kuntchito ngati pali nyengo zomwe antchito saloledwa kugulitsa, chifukwa makampani ambiri a pamsika amakhala ndi lamulo lotere zotsatira zawo zisanalengezedwe.

Mukagulitsa, ndalama zomwe mwalandira atachotsa zodula muzilembe pa tsiku lomwelo popanda chizindikiro chochotsera, monga mumachitira ndi dividendi. Mukazigulira chinthu china, chimenecho chikhale mzere watsopano wokhala ndi chizindikiro chochotsera, apo ayi XIRR idzawerengera ngati kuti ndalamazo munazitapa n'kupita nazo kunyumba.