Bolodi la khonje likusendeka ndikalimenya, ndiyale bwanji ulusi?

Mmisiri_wa_khonje: Akuluakulu, ndikupanga mabolodi a ulusi wa khonje wothira epoxy (guluu wolimba kwambiri). Ulusi wonse ndimauyala cholozera kumodzi. Bolodilo likauma limalimba ndithu, koma ndikalimenya ndi hamala, mng'alu umathamanga motsata ulusi mpaka kumapeto, magawo n'kusendeka. Sindikufuna kuwonjezera ulusi wagalasi, cholinga changa n'choti ulusi wonse ukhale wochokera ku zomera. Nditani?

Nankhanu: Achimwene, tengerani nzeru kwa nkhanu ya m'nyanja yotchedwa mantis shrimp. Chibonga chake (mwendo wakutsogolo womenyera) chimaswa zigoba za nkhono koma chokha sichiphwanyika. M'kati mwake ulusi unayalana magawomagawo, gawo lililonse lopotoka pang'ono kusiyana ndi lapansi pake, mpaka kuzungulira. Akatswiri amati Bouligand. Mng'alu ukayamba, umakakamizika kukhota pagawo lililonse, ndiye mphamvu imathera m'njira. Yesani kupotoza gawo lililonse ndi madigiri 15.

Mayi_wa_labu: Zoona, koma musanayale, ulusiwo mwauumitsa? Khonje amamwa chinyezi, ndipo epoxy sagwira bwino pa ulusi wonyowa. Uviikeni m'madzi a caustic soda a 5 peresenti, phula ndi hemicellulose (zomatira zachilengedwe za mu ulusiwo) zichoke, muutsuke, uume gwaa. Mukauviika nthawi yaitali umafooka. Valani magolovesi.

Nsungwi77: Dulani nsungwi muone: ulusi umachuluka chakunja, m'kati ndi wapatalipatali, chifukwa popinda, kunja ndiko kumasenza katundu. Kampani ya Bcomp ya ku Switzerland inatengera mitsempha ya tsamba popanga nthiti za ulusi wa chomera chotchedwa flax kuseri kwa mabolodi opyapyala.

Mmisiri_wa_khonje: Zikomo nonse. Mayi, ndiumitse padzuwa kapena mu uvuni?