Kodi mwambi wakuti "Nyimbo imodzi sachezera gule" ungakhudzenso mbiri ya dziko?

Akuluakulu odziwa chiyankhulo chathu, ndikupempha kuti mundiunikire pa mwambi wakuti "Nyimbo imodzi sachezera gule." Kuchezera ndi kukhala maso usiku wonse mpaka kunja kuche, ndipo ambiri amamasulira kuti munthu asadalire nzeru imodzi, chifukwa nyimbo yobwerezabwereza imatopetsa ovina, bwalo n'kubalalika tambala asanalire. Chimene chikundisautsa n'chakuti, kodi mwambiwu ukudzudzula woyambitsa nyimbo amene akudziwa imodzi yokha, kapena ukudzudzula bwalo limene lasiyira munthu mmodzi kuyimba, ena onse n'kumangovomera?

Ndikufunsa chonchi poganizira nyimbo zokumbukira anthu amene mbiri yophunzitsidwa m'sukulu inawadumpha. Pa 15 Januwale timakumbukira John Chilembwe, ndipo ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a King's African Rifles, zomwe n'zoyenera ndithu. Komabe pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza pamutu chakudya ndi zipolopolo za asilikali, ndipo masauzande a iwo anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Chilembwe mwiniwake, m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914, anadandaula kuti osauka ndiwo akutumizidwa kukafa pa nkhondo yosawakhudza. Lero wolemba kalatayo tikumudziwa tonse, koma osaukawo mayina awo tilibe.

Chimodzimodzinso matchona, amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale osabwereranso. Amene anasunga nkhani yawo kwambiri ndi akazi awo, omwe ankadandaula m'nyimbo za pamtondo, munsi ukugunda, za mwamuna wosalemba kalata ndi ana osowa chovala. Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, atayendera dziko lino m'zaka za m'ma 1950 anajambula nyimbo zambiri za anthu wamba, ndipo zimasungidwa ku Rhodes University ku South Africa, kutali ndi adzukulu a oyimbawo.

Ine mtima wanga ukupendekera ku tanthauzo lachiwiri lija, chifukwa pagule weniweni nyimbo siichokera pakamwa pamodzi: wina akatsitsa yake, mnzake amayambitsa ina, ndipo ndi kulandizana kumeneku kumene kumafikitsa gule m'mawa. Ngati zili choncho, mbiri yotchula atsogoleri okhaokha ndi nyimbo imodzi, ngakhale itakoma bwanji. Koma ndikuopa kusenzetsa mwambi katundu amene makolo sanaupatse. Choncho inu amene munakhalapo pabwalo la milandu, kodi munamvapo mfumu kapena nduna ikuponya mwambiwu pokana kugamula mlandu itangomva mbali imodzi, kapena umangonenedwa polangiza munthu wokakamira njira imodzi yopezera zosowa zake?